Kulondola mapazi a mbava yomwe sinaponde pansi

Ng'ombe zikabedwa usiku kwathu ku Ngabu, kukacha akuluakulu sathamangira kumsika kukafunsa. Choyamba amathamangitsa ana pakhomo pa khola kuti asapondeponde. Kenako mmodzi wodziwa amanyonyomala n'kuona pomwe mitengo yotsekera yagwera, n'kusiyanitsa phazi la mwini khola ndi la mlendo, n'kutosa ndowe ndi kamtengo kuti adziwe ngati ng'ombezo zatuluka pakati pa usiku kapena m'bandakucha. Akakhutira amanyamuka. Ziboda zikhoza kumutengera kumapiri a kumalire ndi Mozambique, kapena kumufikitsa pamsewu wa tala pomwe ng'ombezo zinakwezedwa mu lole. Pa tala mapazi amatha. Wolondola weniweni akafika apo amaima n'kunena kuti, "Ine maso anga athera pano." Wabodza amaloza nyumba yomwe ili pafupi, anthu n'kukaigumula.

Ndayamba ndi ng'ombe chifukwa cha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe akumaliza digiri ya makompyuta. Tsiku lina anandilembera pa WhatsApp kuti, "Malume, ndikamaliza ndikufuna ndikachite masitazi ya digital forensics. Mukuona bwanji?" Sindinamufunse komwe wazitenga, ndinkadziwa kale. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu ambiri m'chigwa muno ankalembedwa maina kuti alandire thandizo. Amayi anga, omwe ndi agogo ake, analandira foni kuchokera kwa bambo wina wolankhula mwaulemu kwambiri. Anati akuimba kuchokera kubungwe lothandiza okhudzidwa ndi madzi osefukira, dzina lawo latuluka, chatsala n'kutsimikiza basi. Anawauza manambala oti adine, kenako nambala yawo yachinsinsi. Amayi anadina. Ndalama za mbuzi ziwiri zomwe anali atangogulitsa zinachoka mufoni iwo ali chikhalire pamphasa. Mbavayo sinaponde pabwalo, galu sanauwe.

Mnyamata wazaka zake akaona zotere amafuna kukhala munthu amene angatsegule laputopu, kugogoda makiyi kwa mphindi zisanu, n'kutulutsa nkhope ya wakubayo monga amachitira m'mafilimu. Ntchito yeniyeniyo ili pafupi kwambiri ndi bambo uja wotosa ndowe.

Mu 1910 Mfalansa wina, Edmond Locard, anatsegula labu ya apolisi mumzinda wa Lyon, ndipo mfundo yomwe amakumbukiridwa nayo ndi yoti munthu akakhudza chinthu amasiyapo kanthu n'kutengapo kanthu. Makina nawo ndi chimodzimodzi. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, ndipo mukadina *#06# muiona. Simukhadi nayo ili ndi nambala yake. Mukaimba, kampani imasunga kaundula wa nambala yoimba, yoimbiridwa, nthawi, kutalika kwa macheza, foni yomwe simukhadiyo inalimo, ndi nsanja ya netiweki yomwe inanyamula mawuwo. Ndalama ikayenda pa Airtel Money kapena Mpamba imasiya nambala ya chiphaso chake. Digital forensics ndi luso lopeza mapazi amenewa, kuwasunga osawasokoneza, kuwawerenga molondola, n'kukawafotokoza pamaso pa woweruza mwa njira yoti katswiri wina akabwereza apeze zomwezo. Musaisokoneze ndi cybersecurity, ngakhale ziwirizi zimadyera mbale imodzi. Wa cybersecurity ndi mlonda wotseka khola madzulo. Wa forensics amaitanidwa m'mawa khola lili pululu.

Mbali yomwe ophunzira amaipeputsa, koma yomwe imagwetsa milandu, ndi ya kuletsa ana kupondaponda ija. Wapolisi akalanda foni n'kuyamba kutsegula mameseji ali m'galimoto, wasintha kale umboni: uthenga womwe unali wosawerengedwa tsopano ukuoneka wowerengedwa, ndipo loya wa woganiziridwa adzafunsa kuti china chomwe chinasintha m'manja mwanu n'chiyani. N'chifukwa chake foni imaikidwa m'thumba lapadera lotchinga netiweki, la Faraday, kuti mnzake wa wakubayo asaifufute ali kutali. Disiki ya kompyuta imalumikizidwa kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kukana kulemba. Wofufuza amatenga kope lathunthu la disikiyo, ngakhale malo ooneka ngati mulibe kanthu, n'kumagwira ntchito pa kopelo, chenichenicho chili chotsekeredwa.

Nanga khothi lingadziwe bwanji kuti kopelo ndi lofanana ndi chenicheni? Apa ndi pomwe pamabwera chinthu chomwe ine ndimachiona chokongola kuposa zonse m'ntchitoyi, chotchedwa hash. Pali masamu ena, monga SHA-256, omwe amameza zonse zili m'disiki n'kulavula mzere umodzi wa zilembo ndi manambala 64. Disiki yomweyo ikadutsamo kambirimbiri, mzerewo umatuluka womwewo. Koma wina akangosintha kadontho kamodzi m'kalata imodzi mwa makalata zikwizikwi, mzere wonse umasinthiratu. Ndiye wofufuza amalemba hash ya chenicheni ndi hash ya kope tsiku loyamba lomwe. Pakadutsa zaka zitatu mlandu usanalowe m'khothi, monga imachitira milandu yathu, aliyense angathe kuyesanso. Pambali pa hash pamakhala pepala lolembapo aliyense amene wagwira chipangizocho, tsiku, ola, ndi chifukwa chake. Likasowa dzina limodzi pamndandandawo, loya wochenjera amalowera pomwepo.

Za mafayilo ofufutidwa anthu amakhulupirira zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo zonse ndi zoona pang'ono. Pa memore khadi, fulashi, kapena disiki yakale, kufufuta kuli ngati nyakwawa kuchotsa dzina la banja m'kaundula wa mudzi: nyumbayo ikadalipo mpaka wina adzamange pamalopo. Wofufuza akhoza kuipeza. Ku Wichita, m'dziko la America, munthu wina dzina lake Dennis Rader anapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991 osagwidwa. Mu 2005 anatumiza kadisiki kakale kaja ka floppy ku wailesi ya kanema, poganiza kuti wafufuta zonse. Akatswiri anapezamo chikalata cha Microsoft Word chofufutidwa, ndipo m'kati mwake munali dzina la mpingo wake ndi dzina loti Dennis monga womaliza kuchisintha. Anamugwira. Koma foni zamakono za Android ndi iPhone zimabisa zonse mwa masamu otchedwa encryption, ndipo chofufutidwa nthawi zambiri chimapitiratu. Mauthenga a WhatsApp, kuyambira 2016, amayenda atatsekedwa kuchokera pafoni ina kufika pa ina, kotero kampani ya netiweki singawawerenge. Wofufuza amawapeza m'foni mwenimwenimo ngati yatheka kutsegulidwa, kapena m'kope lomwe mwini wake anasunga kwina. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimavula zambiri zomwe kamera inalemba za tsiku ndi malo. Amene angakuuzeni kuti "chilichonse chimabwezeka" akufuna ndalama zanu.

Kanthu kena kakang'ono: nthawi. Makina ambiri amalemba nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya kuno. Wofufuza akaiwala zimenezi akhoza kuika munthu pamalo a ngozi 8 koloko pomwe zinachitika 10 koloko, munthuyo ali kutchalitchi pamaso pa mpingo wonse.

Tsopano tiyeni tilondole mlandu ngati wa amayi uja. Wobedwa amakanena kupolisi, apolisi amatenga chilolezo cha khothi n'kupempha kampani kuti itulutse kaundula wa nambala yomwe inalandira ndalama. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse m'Malawi imayenera kulembetsedwa ndi chitupa, ndipo ziphaso za unzika zinaperekedwa dziko lonse mu 2017, ndiye dzina limatuluka. Wosadziwa amaomba m'manja apa. Koma dzinalo kawirikawiri limakhala la gogo wina wa boma lakutali yemwe sanaionepo simukhadiyo. Chitupa chake chinadutsa m'manja mwa anthu ambiri pa kalembera wa ichi ndi icho, wina n'kuchijambula. Ndalama nazo sizigona pa nambala yoyamba. M'mphindi zochepa zimakhala zadumpha manambala atatu kapena anayi, n'kukatulutsidwa kwa ejenti wina kutali. Chomwe chimathandiza nthawi zambiri ndi IMEI ija, chifukwa akathyali amasintha masimukhadi ngati malaya koma foni amaiumirira. Masimukhadi khumi akapezeka kuti analowa m'foni imodzi, ndipo imodzi mwa izo ndi yomwe munthuyo amaimbira mkazi wake madzulo, phazi laoneka.

Nsanja ya netiweki imaonetsa dera, osati nyumba. Pakati pa Blantyre nsanja zili pafupipafupi, ndiye deralo limachepa. Kuno kuchigwa, komwe dziko ndi lathyathyathya ndipo nsanja zili patalipatali, nsanja imodzi ikhoza kunyamula midzi yambirimbiri, mwina mpaka tsidya lina la Shire. Tsidyalo, kumunsi kwa Chiromo, ndi Mozambique. Munthu wa ku Marka kapena ku Nsanje boma sadabwa kuona mnzake ali ndi simukhadi ya kuno ndi ina ya Movitel kapena Vodacom m'foni imodzi, ndi makwacha ndi mameticais m'thumba limodzi. Chikalata cha majisitireti wa kuno chilibe mphamvu pa kampani ya ku Maputo. Pamafunika maboma awiri alemberane makalata, ndipo makalatawo sayenda liwiro la ndalama ya pa foni. Mapangano a mayiko, monga la ku Budapest la 2001, la African Union la ku Malabo la 2014 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2023, ndi la United Nations lomwe linavomerezedwa mu Disembala 2024, onse akulimbana ndi vuto lomweli la umboni wokhala m'dziko la eni.

Ndipo pali chinthu chomwe pulogalamu yofufuzira mafoni yopangidwa ku Israel kapena ku Canada singachidziwe, koma mwana wa ku Makhanga amachidziwa asanayambe sukulu: nambala si munthu. Kuno foni imodzi imatumikira makomo asanu. Imakagona pagolosale ya sola kukatchajidwa, m'manja mwa mnyamata wa pasitolo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Agogo osadziwa kuwerenga amapatsa mdzukulu kapena ejenti nambala yachinsinsi kuti awatulutsire ndalama. Wofufuza wa m'tauni amene sakudziwa izi adzalemba m'lipoti kuti "woganiziridwa anatumiza uthenga", pomwe chomwe makina asonyeza ndi choti uthenga unatuluka m'foni yakutiyakuti. Kusiyana kwa ziganizo ziwirizi ndi zaka za munthu m'ndende. Onjezani chilankhulo. Mauthenga a kuno amasakaniza Chisena, Chimang'anja, tizidutswa ta Chipwitikizi ndi zining'a za anyamata a kabaza. Makina ofufuza amasaka mawu amene mwawapatsa. Ngati simudziwa momwe anthu amatchulira ndalama, mbuzi kapena wapolisi akafuna kubisa, mudzadutsa pa umboni osauona. Ichi ndi chuma chomwe mphwanga ali nacho kale, ndipo palibe yunivesite yomwe ingamugulitse.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ndalama za mbuzi zokha. Mu 2013, pa Cashgate, akuba anagwiritsa ntchito makina a boma olipirira otchedwa IFMIS: ankalowetsa malipiro a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, macheke akatuluka n'kufufuta zolembazo. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho. Kudziwa amene analowa m'makina, pa dzina la ndani, nthawi yanji, n'kufufuta chiyani, imeneyo ndi digital forensics yosakanikirana ndi kuwerengera ndalama. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi anthu omwe akufuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sankatuluka. Chaka chomwecho mabungwe a apolisi a mayiko, Interpol ndi Afripol, anachita chipikisheni chotchedwa Operation Serengeti m'mayiko 19 a mu Africa n'kumanga anthu 1,006. Ku Lusaka apolisi anathyola kampani ina yomwe inkalemba achinyamata a ku Zambia ngati oyankha mafoni, pomwe ntchito yeniyeni inali kubera anthu pa intaneti, ndipo nzika zoposa 20 za ku China zinamangidwa ndi khothi. Ntchito ilipo, yosachita kufunsa.

Funso la mphwanga linali la sukulu, ndiye tifikeko. Digiri yoyamba ya makompyuta imapezeka konkuno: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, Mzuni, komanso MUST ku Ndata, ku Thyolo, pamwamba pa mapiri omwe timawaona tikayang'ana kum'mawa, yomwe ili ndi digiri ya Computer Systems and Security. Masitazi imakutengera pansi pa zomwe digiri yoyamba inangokhudza. Umaphunzira momwe Windows, Linux ndi makina a Apple amasanjira mafayilo pa disiki, mpaka kutha kuwerenga manambala osaphika popanda pulogalamu yokutanthauzira. Umaphunzira kutenga zomwe zili mu RAM, malo omwe kompyuta imasunga zomwe ikugwira panthawiyo, kompyutayo isanazime, chifukwa zikazima zapita, n'kuzisanthula ndi pulogalamu ya Volatility. Umaphunzira kuwerenga zoyenda pa netiweki ndi pulogalamu ya Wireshark, kutsegula mafoni ndi zida monga Cellebrite ndi Magnet AXIOM, kung'amba pulogalamu yoipa kuti uone chomwe imachita, ndi kufunafuna umboni womwe suli m'chipangizo chilichonse chogwirika koma pa maseva a Google kapena Meta kutsidya kwa nyanja. Pamakhalanso phunziro la malamulo a umboni ndi kulemba lipoti, kenako kafukufuku wako wekha. Ku Britain zonsezi amazipanikiza m'chaka chimodzi. Ku India ndi madera ena zimatenga ziwiri.

Malo ake ndi osiyanasiyana. University of Pretoria ili ndi gulu lakale lochita kafukufuku wa digital forensics. National Forensic Sciences University ya ku Gandhinagar, ku India, inakhazikika pa za forensics zokhazokha, ndipo mu 2023 inatsegula nthambi ku Jinja, ku Uganda. Carnegie Mellon University Africa ku Kigali ndi Strathmore ku Nairobi amaphunzitsa chitetezo cha makina pa mlingo wa masitazi. University College Dublin ili ndi masitazi ya Forensic Computing and Cybercrime Investigation yomwe munthu amaphunzira ali kwawo, koma imalandira ogwira ntchito yachitetezo cha malamulo okha, monga apolisi. Izi ndikuzinena dala, chifukwa wapolisi wachinyamata wa ku Nchalo kapena ku Bangula yemwe ali ndi mutu wa makompyuta ali ndi khomo lomwe mphwanga alibe. Ndalama zolipirira masukulu ngati amenewa ndi za sikolashipu: Chevening, Commonwealth, Beit Trust yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, Mastercard Foundation, ndi za boma la India.

Posankha, dzina la sukulu lisakuchititseni khungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali masitazi ambiri a pa intaneti omwe amalemba mawu oti forensics pachikuto, m'kati muli zowerenga zokhazokha, wophunzira n'kumaliza asanagwirepo write blocker. Ine ndingafunse zinthu ziwiri ndisanalipire tambala: kodi pali labu yomwe ndidzagwire zipangizo ndi manja anga, ndipo mwa aphunzitsiwo alipo amene anaimapo m'khothi ngati mboni? Dziwaninso kuti malamulo amene mudzaphunzire kumeneko ndi a eni dziko. Mukabwerera muyenera kukhala pansi nokha ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yomwe imavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni ndi kutchula milandu monga kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, komanso Financial Crimes Act ya 2017, Data Protection Act ya 2024, ndi malamulo athu a kayendetsedwe ka milandu ndi umboni.

Maganizo anga, omwe mphwanga sanawakonde, ndi oti asathamangire. Ayambe wagwira ntchito zaka ziwiri, kaya yokonza makompyuta a pa ofesi, kaya yoyang'anira netiweki ya kabungwe kena. Chevening yokha imafuna zaka ziwiri za ntchito munthu asanapemphe. Koma chifukwa chachikulu si chimenecho. Munthu amene sanaonepo momwe makina abwinobwino amakhalira tsiku ndi tsiku sangazindikire chachilendo, monga momwe mwana wa m'tauni sangasiyanitsire chiboda cha ng'ombe yothamangitsidwa ndi cha yopita kudambo yokha. M'zaka ziwirizo zida zophunzirira zilipo zaulere. Pulogalamu yosanthula madisiki ya Autopsy ndi yaulere, yotengera makope ya FTK Imager ndi yaulere, Volatility ndi Wireshark chimodzimodzi, ndipo bungwe la NIST la ku America limaika pa intaneti makope a madisiki opangidwira kuyeserera. Chofunika ndi laputopu, bandulo, ndi kupirira kutentha kwa Okutobala pomwe Ngabu imapitirira madigiri 40 ndipo laputopu imazima yokha ngati yakomoka. Masetifiketi a ntchito monga CHFI, GCFA ndi CFCE olemba ntchito ena amawalemekeza kuposa masitazi, koma amalipidwa m'madola, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amadikira kuti bwana ndiye alipire.

Za ntchito ndinene mosabisa. Simudzaona kawirikawiri chilengezo m'nyuzipepala chofuna katswiri wa digital forensics ndi dzina limenelo. Chimabwera chitavala dzina lina: wofufuza zachinyengo kubanki, IT auditor, woona zachitetezo cha makina. Olemba ake ndi mabanki, makampani a mafoni, makampani owerengera ndalama, Reserve Bank, MRA, ofesi ya Auditor General, ACB, Financial Intelligence Authority, MACRA yomwe imasunga gulu la dziko loyankha pa ngozi za makompyuta lotchedwa CERT, ndi apolisi. Pafupifupi zonsezi zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Wofuna kukhala kuchigwa kuno adzapeza zochepa, mwina kumabungwe otumiza thandizo la ndalama pa foni, omwe amafunika munthu wotsimikiza kuti maina ali pamndandanda ndi anthu enieni. Kugwirira makampani akunja uli kwanu n'kotheka, koma kumafuna magetsi ndi intaneti zosadukiza, ndipo tonse tikukumbuka momwe namondwe wa Ana anaonongera Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kukhala mumdima wa apo ndi apo kwa chaka ndi miyezi.

Zomwe timabuku toitanira ophunzira sitinena ndi izi. Masiku ambiri ntchitoyi ndi yotopetsa, kuyang'ana mizere zikwi makumi ya kaundula kufuna umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ena ndi yowawa, chifukwa mbali ina ya milandu ya pa makina ndi zithunzi za ana ochitidwa nkhanza, ndipo wina ayenera kuziona kuti akachitire umboni. Kenako pali khothi. Amene tinkamvera pa wailesi mlandu wa chisankho cha 2019 tikukumbuka a Daud Suleman, katswiri wa makompyuta amene pambuyo pake anakhala mkulu wa MACRA, akufotokoza za makina a zotsatira kenako maloya n'kuwapanikiza ndi mafunso. Mboni ya ukatswiri imayenera kunena zinthu zovuta m'mawu oti woweruza amve, n'kukhala ndi mtima wonena kuti "apa makina sakusonyeza" ngakhale amene akukulipira akufuna unene zina. Luso lolemba ndi kulankhula limalemera mofanana ndi la makina, ndipo ophunzira makompyuta ambiri amalinyoza.

Chida chomwe chimatsegula foni ya wakuba chimatsegulanso ya mtolankhani. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma. Lamulo la 2016 lija lagwiritsidwaponso ntchito kumanga anthu chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook ndi WhatsApp. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo mauthenga ake. Aliyense wolowa ntchitoyi tsiku lina adzapatsidwa foni patebulo popanda chikalata cha khothi, n'kuuzidwa kuti zachokera kumwamba. Masitazi yabwino imakambirana za tsiku limenelo lisanafike. Ndipo mayeso ake oyamba sachokera kumwamba, amachokera pachibale. Akangomva kuti waphunzira zimenezi, alamu ako afika madzulo ndi foni ya amuna awo itakulungidwa m'chitenje. Umenewonso ndi mlandu pansi pa lamulo lomwe lija, ngakhale akuphikire nsomba za mu Elephant Marsh.

Pa Khirisimasi tinakumana kumudzi. Ndalama za amayi sizinabwerere, ndipo nkhaniyo saikambanso kawirikawiri. Ndinawapempha memore khadi yakale ya m'foni yawo ya mabatani, yomwe inanyowa nthawi ya madzi n'kuponyedwa m'chitini cha singano, ndipo anavomera kuti mdzukulu wawo aione. Ndinamupatsa mphwanga pansi pa mtengo wa nimu. Anaitsomeka m'laputopu, n'kutsegula Autopsy, ndipo batire isanathe anali atatulutsa zithunzi zingapo zomwe tonse tinkayesa zinapita: nyumba yakale isanagwe, ubatizo wa mwana wina, malemu bambo ataima pafupi ndi ngolo. Amayi anayang'ana nthawi yaitali osalankhula. Mnyamatayo anali akumwetulira ngati wapha njovu.

Ndinamufunsa kuti, "Hash ya khadiyi usanayambe inali chiyani?"

Anandiyang'ana.

"Nanga unaitseka kuti laputopu isalembemo kanthu? Pepala losonyeza kuti ndakupatsa ine, ola lakuti, lili kuti?"

"Malume, si za agogo zomwezi?"

"Ndi za agogo. Mawa tikatchaje laputopu kwa mnyamata wa sola uja, uyambirenso ndi khadi ina. Uyambe ndi pepala."

Amayi anachotsa maso pa chithunzi cha ngolo chija n'kuloza laputopu ndi chibwano. "Iwe, nanga ndalama za mbuzi zanga zija, zilinso momwemo?"